Jakisoni wa M'thumba la Karam Din

Fomu ya chilolezo cha chipatala ija inali itakhala pabondo pa a Karam Din kwa theka la ola, ndipo mwana wawo wamkazi, Shagufta, ankaiyang'ana mpaka maso kumuwawa. Cholembera anali atawapatsa kalekale. Iwo anachilandira mwaulemu, n'kuyamba kukandira ndevu.

"Abba, sayinani," anatero Shagufta. "Akuti ikakwana leveni koloko alowetsa munthu wina."

"Alowetse. Makinawo ndi awo."

"Tsiku limeneli talidikira milungu khumi ndi umodzi."

"Masiku ndimatha kuwerenga, mwana iwe. Usandiphunzitse ngati ndine mmodzi wa tiana tako ta kusukulu."

Shagufta anali mphunzitsi wa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo m'kalasi akangokhosomola ana onse ankati zii. Koma pa benchi ya chipatala china cha ku Lahore, m'mawa wa Lachisanu limenelo, anali kamwana ka a Karam Din basi. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangopitirira teni koloko.

Mkati, m'wodi ya akazi, munagona mayi ake, a Zubaida, osalawa kanthu chiyambire dzulo lake madzulo. M'chiwindi mwawo munali chotupa. Pochijambula koyamba chinali ngati dzira la nkhunda, koma mwezi wathawo chinali chitafika pa dzira la nkhuku. Kuchidula kunali kosatheka, chifukwa chiwindicho chinali chitauma kale ndi nthenda ija timaitcha chikasu chakuda kwathu kuno. Njira yokha yotsala ndi imene Dokotala Sarfraz anawafotokozera m'mawa womwewo, akujambula papepala monga amachitira ndi anthu ochokera kumudzi.

"Bambo, inu ndi munthu wa kuminda, ngalande mumazidziwa," anatero dokotalayo. "Chotupachi chili ndi kangalande kakekake komwe chimamwera magazi. Ife tilowetsa kachubu kopyapyala ngati ulusi mumtsempha, tikayendetse mpaka pa kangalande kameneko. Tikafika tithira mankhwala a khansa pamenepo penipeni, osati m'thupi lonse, kenako titseke njirayo. Chotupa chikhale ndi poizoni m'mimba, chakumwa chilibe. Sindikulonjeza kuti achira. Chimene ndingawapezere ndi nthawi, mwina chaka, mwina ziwiri."

A Karam Din ankagwedeza mutu mokhutira, monga munthu amene akumva zinthu zoti ankazidziwa kale. Kenako anafunsa kuti kachubuko kalowera pati.

"Mphechepeche mwa mwendo wa kumanja. Ndi momwe muli mtsempha waukulu."

"Alowetse ndani?"

"Ineyo."

Mutu uja unasiya kugwedezeka pomwepo. Anafunsa ngati panali dokotala wamkazi wa ntchito imeneyi, ndipo anauzidwa kuti panalibe. Ndiye basi, anatero, mkazi wa Karam Din sanavulidwepo ndi mwamuna wachilendo, ndipo sangayambe lero ali ndi imvi.

A Karam Din nawonso anali dokotala, kapena tinene kuti kumudzi kwawo, kufupi ndi Kot Addu, ankatchedwa Dokotala Sahib, ngati kunena kuti Bwana Dokotala. Sukulu ya udokotala sanaiponde ngakhale pakhomo. Ali mnyamata ananyamulirapo dokotala weniweni chikwama kwa zaka ziwiri, ndiye atabwerera kumudzi anagula benchi, katani yobiriwira ndi jakisoni wagalasi. Kwathu kuno munthu ukamupatsa mapilitsi amaona ngati wamunyoza, mankhwala enieni ndi obaya. Mutu ukawawa, jakisoni. Msana, jakisoni. Mkazi akatopa ndi kutola thonje, jakisoni wofiira wopatsa mphamvu. Kwa zaka makumi atatu mudzi wonse unadutsa kuseri kwa katani ija, ndipo singano sizinkapitirira zitatu. Ina ikabuntha ankainola pamwala.

Shagufta ankadziwa kumene chikasu chakuda cha mayi ake chinachokera. Anadziwa tsiku limene dokotala wina anamufunsa ngati mayiwo anabayidwapo majakisoni ambiri. Anadziwa atawerenga nyumba za m'mudzi zomwe munali anthu otupa mimba ndi achikasu m'maso. Kwa zaka zinayi anayenda ndi mawu amenewo pakhosi osawalavula. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake unali mtendere wa mayi ake omwe.

Namwino wina, Sisitala Parveen, mayi wamfupi woyenda ngati pali chomuthamangitsa, anaima pafupi ndi benchi yawo kuti abaye munthu wina amene anagona pa machira. Atamaliza anaika jakisoni uja pa thireyi n'kutembenuka kuti akonze bulangeti la wodwalayo. Dzanja la a Karam Din linatuluka mofatsa, linatola jakisoni wapulasitiki uja, n'kumutsetserezera m'thumba la jekete yawo yopanda manja.

"Mwatenga chiyani?" anafunsa Shagufta.

"Wagwira ntchito kamodzi kokha ameneyu," ananong'ona bambo ake. "Amangodula singano n'kutaya. Anthu a m'tauni kusakaza."

Mkwiyo wa zaka zinayi unafika wonse nthawi imodzi, ndipo Shagufta sanayese n'komwe kuubweza.

"Ndiye mukabaye ndani? Watsala mkazi wa ndani?"

"Tsitsa mawu."

"Sinditsitsa. Amma ali mkatimo chifukwa cha inu, Abba. Matenda amenewa sanawatunge pachitsime. Munawabaya ndinu, ndi singano yomweyo munabayira Sakina, yomweyo munabayira a Ghulam Farid ometa aja. Onsewo ali kumanda. Lero ndiye mwapeza ulemu woti muuteteze? Ulemu wake uti?"

Anthu a pa mabenchi ena anatembenuka. Mayi wina anakoka mpango wake n'kuphimba pakamwa, koma makutu anawasiya panja.

A Karam Din anaimirira pang'onopang'ono. "Matenda amapereka ndi Mulungu."

"Mulungu alibe katani yobiriwira."

"Samala pakamwa pakopo. Ine singano zanga ndinkawiritsa."

"Simunkawiritsa. Ndinkatsuka ndine."

Atangotero, Shagufta anaionanso m'maganizo mbale ya buluu ija ya madzi ozizira pansi pa benchi, ndipo anadzionanso yekha ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, akunyadira kuti akuthandiza Abba. Ankapopa madzi kawiri m'jakisoni mpaka kufiira kutha, n'kupereka kuti abaye wotsatira. Nthawi zambiri womaliza kubayidwa pa tsiku ankakhala mayi ake, atatopa ndi ntchito, singano itadutsa kale m'matupi makumi awiri. Chimene chinamutseka pakamwa zaka zonsezi sichinali ulemu wokha. Zinali zala zake zomwe.

Bambo ake anaona kuti agunda pabala, ndipo sanamumvere chisoni. "Eya, unkatsuka ndiwe. Ndipo koleji yakoyo inatuluka m'singano yomweyo. Ndiye khala pansi." Anapinda fomu ija pakati n'kuiika pa benchi.

Sisitala Parveen anali atamva zonse, monga anamvera wina aliyense pakhondepo. Anatola fomu ija, n'kuiwongola pa ntchafu yake.

"Achemwali, tabwerani kuno," anatero, akukokera Shagufta pambali. "Pepala ili si la bambo anu. Akalaliki amangoliponya kwa mwamuna chifukwa anazolowera, ndipo inu nonse mumangolandira. Thupi ndi la mayi. Akadinda chala, zatha."

"Amma sadziwa kuwerenga."

"Muwawerengere. Zonse, ine ndili pomwepo kumva. Popanda zimenezo chalacho sichiwerengedwa."

Shagufta anayang'ana mzere woyamba. Mawu aja anali pomwepo, akuda bii: khansa ya m'chiwindi. Banja lonse linapangana kuti mayi asauzidwe, monga timachitira tonse kuno, paja timati munthu akamva dzina la nthenda imeneyi amafa ndi dzinalo nthendayo isanamuphe. Anawauza kuti ndi chikasu chija chimene changovuta pang'ono. Ndipo amene anaumirira kwambiri bodzalo, amene anaopseza azakhali onse kuti atseke pakamwa, anali Shagufta yemweyu.

"Pali agogo ena a ku Sialkot akonzeka kale," anatero namwinoyo. "Mukachedwa alowa iwowo, inu mudzabwere pakatha miyezi itatu. Chotupacho sichiima pa mzere."

Shagufta ndi namwinoyo analowa m'wodi. A Zubaida anagona chagada, atavala mkanjo wotuwa wa chipatala, mpango wawo uli kumutu. Milomo inali itauma n'kung'ambika.

"Kunjako kunali phokoso," anatero. "Mawu ake ngati a mwana wanga."

"Amma, pali pepala. Ndikuwerengereni, mukavomera mudinde chala."

"Bambo ako dzanja lathyoka?"

Shagufta anayamba kuwerenga, mawu akutuluka owuma ngati a munthu wina. "Ine Zubaida Bibi, ndauzidwa kuti ndili ndi nthenda ya m'chiwindi, ndipo..."

Sisitala Parveen anakhosomola.

"Wadumpha," anatero a Zubaida. "Mphunzitsi wanji wodumpha mawu? Pamenepo akuti khansa."

Shagufta anatsitsa pepala lija. "Wakuuzani ndani?"

"Mwana wanga, ndagona masiku awiri m'wodi ino. Uyu ali nayo ya bere, uyo ya m'mimba. Ukuganiza andigoneka pakati pawo chifukwa cha chimfine? Ndiponso ndinadziwa kalekale, tsiku lija mlongo wako Rafiq anandibweretsera bokosi lathunthu la mango. Rafiq chibadwire sanagulirepo munthu ngakhale ndimu. Ndinangokhala chete poona kuti bodza lanulo likukuthandizani. Werenga bwinobwino, usandibere mawu anga."

Shagufta anayambiranso. Anatchula dzina la nthendayo, ndipo denga silinagwe. Anawerenga za kachubu, za mankhwala, za ululu ndi kutentha thupi zimene zikanatsatira, za kuti chiwindi chikhoza kulephera kupirira. Atafika pa mzere wonena za polowera kachubuko, chithunzithunzi chinatchinga pakhomo. Amuna salowa m'wodi ya akazi, ndiye a Karam Din anaima nsonga za nsapato zili pamzere weniweni wa chitseko.

"Amake Shagufta, usadinde. Dokotala wake ndi mwamuna. Akuti mphechepeche."

A Zubaida anatembenuza mutu pa pilo n'kuwayang'ana amuna awo kwa kanthawi.

"Abambo ake a Shagufta, tcherani khutu, mpweya wanga ndi wochepa. Kuseri kwa katani yanu ija, ndi matako angati a akazi a eni ake amene mwawaona? Ine ndinasiya kuwerenga chaka cha chigumula chija. Amuna awo ankadikira panja pa benchi, ndipo sindinamve kuti wina anafa ndi manyazi."

Mayi wa pa bedi loyandikana anaseka mpaka kugwira bala lake.

"Ijayo inali ntchito," anatero a Karam Din.

"Iyinso ndi ntchito. Kusiyana kwake n'kwakuti dokotala uyu singano yake ndi yatsopano."

Kuseka kuja kunaduka. A Karam Din anagwira mafelemu a chitseko. Pa zaka makumi anayi za ukwati, mkazi wawo anali asanawayankhepo kawiri motsatizana.

"Amma, zimenezinso munkazidziwa?" anafunsa Shagufta.

"Chiyambire maliro a Sakina. Ndikanauza ndani? Chapati chathu cha tsiku ndi tsiku chinkachokera kuseri kwa katani komweko." Anatambasula dzanja n'kugwira mkono wa mwana wawo. "Ndamva zimene umanena kunjako. Madzi a m'mbale ya buluu ija ndinkatunga ndine, iwe unkangoseweretsa. Usasenze katundu wa akuluakulu, eni ake tilipo. Sisitala, bweretsani inkiyo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ine ndikufuna ndidye mango a chaka chamawa, a Rafiq omwewo."

Anadinda chala mwamphamvu moti chinatsala pang'ono kuboola pepala. Pa wotchi panatsala mphindi zisanu kuti ikwane leveni koloko. Potulutsa a Zubaida pa machira, a Karam Din anachita kupatuka okha pakhomo paja, popeza machirawo sanaime.

Ntchitoyo inatenga ola limodzi ndi theka. Bambo ndi mwana anakhala pa benchi imodzi, wina kunsonga iyi, wina kunsonga iyo, ndipo anthu awiri osawadziwa anakhala pakati pawo n'kumadya chapati ndi anyezi. Shagufta ankayembekezera kuti mtima ukhala pansi, popeza zimene ankafuna zinali zitachitika, koma mkwiyo sunachoke. Ankaganiza za Sakina, amene anasiya ana anayi. Ankaganiza za mayi ake, akudziwa zonse, koma n'kumapitabe kuseri kwa katani mwamuna akawaitana. Nthawi iliyonse akaponya diso kunsonga inayo ankaona kutukumuka kwa thumba la jekete lija, ndipo ankaluma mano.

Dokotala Sarfraz anatuluka thukuta lili kamukamu, n'kuwaonetsa zithunzi ziwiri. Pa choyamba panali mtolo wakuda wa timitsempha topotana ngati mizu ya udzu. Pa chachiwiri, pamalo omwewo panali poyera.

"Kangalande katsekeka," anatero. "Pakatha milungu isanu ndi umodzi tidzajambulanso, mwina tidzabwereza. Masiku angapo amva ululu ndi nseru. Koma chachikulu lero ndi ichi: mwendo wa kumanja usapindike kwa maola asanu ndi limodzi. Ukapindika, mtsempha utseguka, ndipo magazi a mmenemo sadontha, amathamanga. Wina augwire."

A Zubaida anawagoneka m'kachipinda kena kakang'ono. Ululu unayamba mwachangu, pansi pa nthiti za kumanja, ndipo nseru ikabwera bondo linkafuna kukwera lokha. Shagufta analikanikiza ndi manja awiri.

"Kaitane bambo ako," anatero mayi ake, maso ali chitsinzinire.

"Ndigwira ndekha."

"Manja ako akunjenjemera ndi ukali, ukundigwedeza bala. Kaitane. Akhale ndi ntchito."

Shagufta sanafune. Sanawakhululukire bambo ake, ndipo sankaona kuti tsiku limenelo lili pafupi. Koma anasiya mwendo m'manja mwa Sisitala Parveen n'kutuluka. Anawapeza bambo ake ataimirira, akukonza nduwira yawo, chifukwa mzikiti wa pachipatalapo unali utayamba kuitanira anthu ku mapemphero a Lachisanu. Mudzi wonse unkadziwa kuti Dokotala Sahib sanaphonyepo Lachisanu ndi limodzi lomwe, ngakhale chaka cha chigumula.

"Amma akukuitanani. Mukagwire mwendo."

"Ndikapemphere kaye."

"Mwendo sudikira."

A Karam Din anaima pamenepo, makutu ali ku mzikiti, maso ali kwa mwana wawo. Kenako anamutsatira. M'kachipindamo anavula jekete ija n'kuikoloweka pa mpando, anapinda manja a malaya monga ankachitira kuseri kwa katani, ndipo anaika dzanja lina pa bondo la mkazi wawo, lina pa kakolo, pamwamba pa nsalu.

"Mpaka hafu pasiti sikisi," anatero Sisitala Parveen. "Osasiya, ngakhale mphuno iyabwe."

"Zaka makumi atatu munkabaya," anatero a Zubaida chapansipansi. "Lero gwirani."

A Karam Din anangowerama n'kukanikiza.

Shagufta anazungulira bedi n'kupita pa mpando paja. Anapisa dzanja m'thumba la jekete mosamala, kuopa nsonga, n'kutulutsa jakisoni uja. Mkati mwake munali kadontho kofiira ka munthu wa pa machira uja. Bambo ake anaona. Phewa lawo linagwedezeka ngati dzanja likufuna kutambasuka, koma nthawi yomweyo bondo la a Zubaida linayesa kukwera, ndipo anachita kulibweza ndi mphamvu zonse.

Pa thireyi ya namwino panali kachitsulo kodulira singano. Sisitala Parveen anakankhira thireyiyo kwa Shagufta. Shagufta analowetsa singano pa kabowo n'kufinya, ndipo inaduka ndi kaphokoso kakang'ono ngati kothyola nthambi youma.

"Kuseri kwa katani zatsala zingati?" anafunsa.

Bambo ake sanadzutse mutu. Ankayang'ana chala chachikulu cha mkazi wawo, chimene chinali chitasiya chidindo china cha inki pa nsalu yoyera.

"Zitatu," anatero.

"Ndidzazitenga ndekha tikabwerera."

Kunja, mawu oitanira aja anali atatha, ndipo pakhonde panamveka mapazi a amuna akuthamangira ku mzikiti. Manja awiri a a Karam Din anakhala pomwe anali. Kunali kutatsala maola asanu.